Kodi magalasi a VR angapeze chimene chikukuchititsani chizungulire?

Munthu akhoza kuyang'ana mzere umene wapendekeka ndi madigiri 10 n'kunenetsa kuti waima chilili, pamene maso ake alibe vuto lililonse. Moni nonse owonera. Lero tikambirana mmene madokotala akugwiritsira ntchito magalasi a VR (virtual reality), amene munthu akavala amangoona zithunzi za pakompyuta ngati zenizeni, poyeza vuto limeneli mwa odwala chizungulire, ndipo musachoke msanga, chifukwa pali bodza lina limene ndikufuna tilithetse lero lomwe.

Mkati mwa khutu muli timatumba tiwiri, utricle ndi saccule, momwe muli timiyala ta kashiamu. Mutu ukapendekeka timiyalato timasuntha, ubongo n'kudziwa kumene kuli pansi, monga mmene levulo imamuuzira mmisiri womanga nyumba. Kuyeza mmene munthu amaonera kuti mzere waima chilili kumatchedwa subjective visual vertical, ndipo munthu wabwinobwino saphonya ndi madigiri oposa awiri kapena awiri ndi theka.

Choyamba, wodwala amakhala pampando n'kuvala magalasi, amene amabisa khoma, chitseko ndi chilichonse chimene chingamuuze kuti kumwamba ndi uku. Chachiwiri, amaona mzere wowala mumdima, n'kumautembenuza ndi batani mpaka ataona kuti waima bwino, ndipo amabwereza kangapo.

Chachitatu ndi chimene chimandisangalatsa kwambiri. Mu 1948, Herman Witkin ndi Solomon Asch anaonetsa kuti mukaika ndodo mkati mwa felemu yopendekeka, anthu ena amatengeka ndi felemuyo kuposa anzawo. Kale kuyeza kotere kunkafuna chipinda chamdima ndi zida zapadera, koma mu VR dokotala amangodina, felemu n'kupendekeka, kapena timadontho n'kuyamba kuzungulira kuseri kwa mzere, motero amaona ngati wodwalayo wayamba kudalira maso mopitirira muyeso. Magalasiwo amalembanso mmene mutu wakhalira, ndipo zimenezi n'zofunika, popeza Hermann Aubert anafotokoza kale mu 1861 kuti kupendeketsa mutu kumasintha mmene timaonera mzere mumdima. Ngati mwafika nafe pano, dinani subscribe, chifukwa ndi mmene mavidiyo athu amafikira anthu ambiri.

Tsopano bodza lija. Anthu ena amanena kuti ukangovala magalasi amenewa, kompyuta imatchula matenda ako. Si zoona ngakhale pang'ono, ndipo zimandiwawa chifukwa chikhulupiriro chotere chikhoza kuchedwetsa munthu amene akufunika thandizo la msanga. Magalasi amapereka nambala imodzi yokha: madigiri akutiakuti, kumanzere kapena kumanja.

Tiyerekeze kuti mzere wapendekekera kumanzere. Mtsempha wa khutu lamanzere ukatupa, matenda otchedwa vestibular neuritis, mzere umagwera mbali ya khutu lodwalalo. Koma sitiroko ya kumunsi kwa tsinde la ubongo kumanzere, imene imatchedwa Wallenberg syndrome, imaugwetseranso kumanzere komweko, ndipo vuto likakhala kumtunda kwa tsindelo mbali yakumanja, mzere ukhozanso kupita kumanzere. Madokotala Marianne Dieterich ndi Thomas Brandt a ku Munich, ku Germany, ndi amene analongosola bwino zimenezi mu 1993. Mwaona? Nambala ndi imodzi, koma matenda ndi osiyana kwambiri, ndipo ena mwa iwo amapha.

Pali zinanso. Pakapita masabata kapena miyezi, ubongo umazolowera khutu lowonongekalo, mzere n'kuyambanso kuima bwino ngakhale khutulo silinachire. Ndiponso pa BPPV, chizungulire chofala chija chimene chimabwera munthu akamatembenuka pabedi chifukwa timiyala tija tachoka pamalo pake, mzere nthawi zambiri umakhala pafupi ndi malo ake, ndipo matendawa amapezeka pomugoneka wodwala mwa njira ya Dix-Hallpike, dokotala akuyang'anitsitsa mmene maso akugwederera. Onjezani apo kuti magalasi akavalidwa mokhota pang'ono chabe, angasokoneze muyeso umene malire ake ndi madigiri awiri okha.

Kwa inu amene mumagwira ntchito m'zipatala zopanda zipangizo zodula, mvetserani izi. Mu 2009 gulu la ku Munich lomwelo linafalitsa njira ya ndowa: mzere umajambulidwa pansi pa ndowa mkati mwake, kunja n'kuikako chowerengera madigiri ndi kachingwe kolendewera kolemera kumapeto. Wodwala amalowetsa nkhope m'ndowamo, woyeza amaitembenuza pang'onopang'ono mpaka wodwalayo atanena kuti basi, mzere waima. VR imaposa ndowa pa felemu, timadontho ndi kulondera mutu, koma funso lalikulu ndowa imaliyankha ndithu.

Ngati chizungulire chabwera mwadzidzidzi limodzi ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, kutsamwa pomeza kapena kulephereratu kuima, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Vidiyo yotsatira tidzaonetsa mmene njira ya Epley imabwezerera timiyala tija pamalo pake kwa odwala BPPV.