Mawu a m'mawa: belo logulidwa kale silibwerera pa mzere

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo pa gulupu pano. Mawu athu mmawa uno ndi aja timawadziwa tonse a pa 1 Akorinto 7:23, munagulidwa ndi mtengo wake, musakhale akapolo a anthu. Ndiyambiretu ndi pempho langa tisanapite patali, chokani pa mzere. Mundimvetsa pansipa, koma dziwani kuti ndikudziuza ndekha kaye chifukwa sabata ino ine ndaima pa mzere masiku anayi athunthu ndipo mtima unandiwawa zedi.

Lamulungu lapitali kutchalitchi kwathu kunabwera alendo ndiye ine ndinali m'gulu la ophika. Ndinadzuka 4 koloko kudakali mdima, chisanu cha Kasungu mukuchidziwa mmene chimalumira mwezi wa June uno, kukasonkha moto ndi nkhuni zosauma bwino utsi uli thoo m'maso, kusosola nkhuku, kusenda anyezi, mpaka ndinapsa chala ndi poto wa mpunga, chithuza chake chikadalipo pamene ndikulemba pano. Mwambo utatha wina anaimirira ndi pepala kuthokoza ogwira ntchito, kutchula maina mmodzimmodzi, aliyense akatchulidwa m'manja ndi nthungululu. Ine ndili chiimire kumbuyo chitenje chikununkha utsi khutu lili tcheru. Pepala linatha, dzina langa silinatuluke. Sindikuimba munthu mlandu ayi, ndikudziwa anangoiwala basi, anthu tinali ambiri. Koma ndinafika kunyumba osadya, Lolemba lonse ndinangokhalira kutsegula foni kuona ngati wina wakonza pa gulupu la amayi kuti pepani tinaiwala mayi uje, palibe. Ndinaika vesi pa sitetasi koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu cholinga changa sichinali vesi, ndimafuna amene anaiwala aja awerenge amve kuwawa, ndipo ndimabwererabwerera kukawerenga amene aiona. Mwana wanga wamng'ono anandifunsa kuti amama mukudwala? Ndinati ayi, koma ndimadwala ndithu.

Lachinayi ndikupita kumsika ku boma kunadutsa lole pa M1 yodzaza mabelo a fodya kulowera ku okushoni ku Chinkhoma, fungo la fodya lija linangondimenya pamphuno ndipo pompo ndinakumbukira malemu bambo anga. Ife tinakulira ku Chamama ndi fodya wa burley, ndipo amene munalimapo mukudziwa kuti mbewu imeneyi imadya chaka chonse cha munthu. Nazale dzinja lisanafike, kuthirira ndi keni mmawa ndi madzulo, kuwokera mvula ikagwa, kupalira, kuthyola, kusoka mpaka zala kuda bii, kupachika m'chigafa, kusankha masamba usiku ndi nyali, kenako kudinda ndi jeke ndi kusokerera chiguduli. Nthawi imeneyo fodya wathu ankapita ku okushoni ku Kanengo. Bambo ankatifotokozera kuti kumeneko mabelo amandandalikidwa m'mizere italiitali, ogula amayenda motsatizana, wina kusolola masamba pang'ono, kuyang'ana, kutchula mtengo, kudutsa. Thukuta la miyezi yonse ija limaweruzidwa pa kanthawi kochepa kuposa kamene mwatenga kuwerenga ndime ino. Ndipo fodya yemweyo wa munda umodzi chigafa chimodzi, belo lina lipite bwino lina ligwe mtengo, lina likanidwe libwerere kukasankhidwanso, nthawi zina chifukwa cha nkhungu kapena kusakaniza masamba, nthawi zina kungoti tsiku limenelo msika sunali bwino. Masiku odikira aja bambo sankagona, ankangokhala pakhonde wailesi ili pakhutu.

Ndinaima pambali pa msewu lole ija itapita ndipo ndinadziona. Ndine belo limene ladzinyamula lokha kukadzikhazika pa mzere kuti odutsa alilembe mtengo. Atandidutsa osayang'ana nkomwe ndiye ndagwa mphwayi ngati ndatha ntchito.

Abale anga, fodya alibe kuchitira mwina, ayenera kupita pa mzere chifukwa sanagulidwe. Koma inu ndi ine? Pajatu Petro anati sitinaomboledwe ndi siliva kapena golide koma ndi mwazi wa mtengo wapatali. Malonda anatha kalekale, Wogula analipira zonse, sanadule kalikonse, ndipo anatigula akuona nkhungu yathu ndi masamba athu osakanikirana, sanati bwererani mukadzisankhe kaye. Ndiye tandiuzani, munaonapo mlimi akutenga belo loti lagulidwa kale ndalama zalowa, nkulikwezanso pa lole kubwerera nalo ku okushoni kuti akamve ena atchula zingati? Anthu angati mutu wake sukuyenda bwino. Koma ife timachita zimenezi tsiku ndi tsiku ndipo timazitcha kudzichepetsa kapena kukonda anthu. Chokani pa mzere amayi anzanga, si malo anu.

Mizere yake ndi yambiri ndipo aliyense ali ndi wake. Wina wakhala zaka pa mzere wa apongozi, kuphika kuchapa kutumiza ndalama kumudzi kudikira tsiku limene adzanene kuti mwana wathu anakwatira bwino, tsikulo silikubwera ndipo mtima wadzala kuwawa kosaoneka. Wina watenga ngongole ku banki mkhonde kuti asoketse diresi la ukwati wa mnzake, osati poti alibe chovala koma akuopa pakamwa pa anthu, lero akubisala tsiku la msonkhano likafika. Abambo nanunso musadziyese opulumuka, kangati mwavomera udindo umene simungaukwanitse chifukwa mawu oti ayi amakuvutani pamaso pa akuluakulu, kenako ukali wonse mukukautsanulira kunyumba kwa mkazi ndi ana amene sanalakwe. Achinyamata inu mzere wanu uli m'manja mwanu momwemo, chithunzi chikapanda kukondedwa ndi ambiri pa Facebook mwachifufuta, tsiku lonse lawonongeka. Sindikukunyozani, ine ndemwe ndimawerenga oona sitetasi dzana lomweli.

Ndipo msika wa anthu sukhazikika, zimenezi tizidziwe. Taonani Paulo pa chisumbu cha Melita mu Machitidwe 28, njoka itamuluma padzanja akusonkha moto anthu anati ameneyu ndi wakupha anthu, atadikira nkuona kuti sakutupa kapena kugwa anatembenuka nkumati ndi mulungu. Munthu yemweyo, dzanja lomwelo, tsiku lomwelo, mitengo iwiri. Akanakhala kuti amadya mawu a anthu akanafa ndi chisoni mmawa nkufufuma ndi matama madzulo. Koma anali atanena kale kwa Agalatiya kuti akanakhala wokondweretsabe anthu sakanakhala kapolo wa Khristu. Makolo athu anaziona zomwezi pamene ankati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kuomberedwa m'manja ndi fodya wa pachala ameneyo, lero alipo mawa wauluka, nanga munthu ungamange moyo wako pamenepo?

Chimene chandikhudza kwambiri sabata ino ndi pa Yordano paja. Mawu ochokera kumwamba oti uyu ndiye Mwana wanga wokondedwa anamveka Ambuye asanachiritse munthu ndi mmodzi yemwe, asanadyetse khamu, asanalalikire paphiri. Kukondedwa kunayamba, ntchito inabwera pambuyo. Ine ndinazitembenuza, ndimagwira ntchito kuti ndikondedwe, nchifukwa chake pepala limodzi losowa dzina langa linandigwetsa pansi. Ndikanalowa kukhitchini kuja ndikudziwa kuti ndine wogulidwa kale, chala chikanapsabe, utsi ukanandilizabe, dzina akanaliiwalabe, koma ndikanapita kunyumba nkukadya nsima yanga bwinobwino.

Musandimve molakwa ngati ndikuti tisamamvere anthu. Bambo anga belo likabwerera chifukwa cha nkhungu sankatukwana, ankalimasula nkuchotsa masamba owola, chifukwa nkhungu ndi nkhungu ndithu. Mbale akakudzudzulani pa chinthu choona mverani, konzani, pepesani. Ndipo kuthokoza nkwabwino, tizithokozana, munthu akayamikiridwa amalimba mtima. Koma kudzudzulidwa kukhale kukonza masamba, kusakhale kusintha mtengo wanu, ndipo kuyamikiridwa kukabwera kulandireni ngati ndiwo yapadera, osati ngati nsima yoti mukapanda kuipeza mugona ndi njala. Ine ndinaisandutsa nsima, apa mpamene ndinalakwa.

Usiku wa Lachinayi lomwelo ndikupemphera Mulungu anandionetsa chinthu chimene chinandichititsa manyazi. Kukhitchini kuja kunali agogo ena amene amabwera nthawi zonse kukakhala chakudya kutchalitchi, iwo ntchito yawo nkutsuka mapoto ndi mchenga kuseri kwa nyumba ya abusa, msana wopindika koma amayamba kufika nkumaliza kuchoka, akuimba nyimbo chapansipansi. Nawonso sanatchulidwe. Ndinayesa kukumbukira ngati anatchulidwapo chiyambire, sindinapeze tsiku. Ndipo ine amene ndinalira masiku anayi chifukwa choiwalidwa sindinawathokozepo nkamodzi komwe, ndimangowasiyira mapoto akuda nkupita. Pamene ine ndimatsegula foni maulendo osawerengeka iwo anapita kwawo ndi nyimbo yawo. Agogo aja anachoka pa mzere kalekale, ndipo sindikukhulupirira kuti akudziwa nkomwe kuti mzerewo ulipo.

Ndiye mmawa uno musanatsegule foni kuona amene wakuyankhani, musanavale poganizira amene akuoneni, dzifunseni kuti lero ndikudzikweza pa lole ya ndani. Ngati pali ayi amene mwakhala mukumuopa muneneni mwaulemu. Ngati pali ntchito yabwino imene munaisiya poti sanakuyamikeni itoleninso. Atate, tikhululukireni pogulitsanso chimene munagula kale, tichotseni pa mzere, Amen.

Sitetasi ija ndinaifufuta. Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wa mnzathu ndipo andiikanso kophika, ndavomera, chala chikhala chitapola. Koma lero ndikamaliza kuwaperekeza ana kusukulu ndidutsa kaye kugolosale ndigule shuga ndi sopo, ndikawaone agogo aja, amakhala kuseri kwa chigayo.