Boma silitolera ndalama za sola khomo ndi khomo

Zikomo a Gulupu, mafumu onse, a Shehe ndi abusa, a komiti ya chitukuko, amayi ndi abambo. Ndikudziwa kuti ena mwasiya usipa pathandala ndipo mitima yanu ili kugombe, choncho ndilowa m'nkhani mosazungulira.

Chatisonkhanitsa ndi chimene chinachitika m'midzi yathu masabata apitawa. Kunabwera anyamata awiri ovala bwino, atanyamula kope ndi kapanelo kamodzi koonetsa, ndipo ankauza anthu kuti boma likugawa sola yaulere, koma aliyense ayambe wapereka K5,000 ya kalembera. Analemba maina, anajambula zitupa za unzika, ananena kuti galimoto ya katundu ifika Lachisanu. Lachisanu linadutsa, linanso linadutsa, ndipo nambala imene anasiya sikupezekanso. Pakati pa amene anapereka pali agogo ena amene anagulitsa nkhuku kuti dzina lawo lisatsale. Sindinabwere kudzachititsa munthu manyazi, chifukwa amene anapereka ankafuna chinthu chabwino, ankafuna kuti ana aziwerenga usiku. Koma mawu awa muwasunge: boma silituma munthu kuyenda khomo ndi khomo kutolera ndalama za kalembera wa sola.

Akuba amenewa anapeza mpata chifukwa tonse timamva pa wailesi kuti boma lili ndi mapulogalamu a magetsi a dzuwa, koma ochepa ndi amene amadziwa mmene mapulogalamuwo amayendera. Bodza limamera bwino pamene pali kachoonadi pang'ono. Ndiye tiyeni tione chimene boma likuchitadi.

Madzi a Shire amatuluka m'nyanja konkuno ku Mangochi, amadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, amalowa m'Malombe, kenaka amakazungulitsa makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kwa zaka zambiri pafupifupi magetsi onse a dziko lino ankachokera mu mtsinje umodzi umenewu. Akuluakulu mukukumbukira 2016 ndi 2017, pamene nyanja inatsika ndipo magetsi ankazima tsiku lonse. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi makinawo asanayambenso kugwira ntchito. Ogulitsa nsomba zaziwisi mukudziwa mmene ayisi ankasowera nthawi imeneyo, ndi chambo chimene chinkaola chisanafike ku Limbe.

Pofuna kuti dziko lisadalire mtsinje umodzi, mu 2016 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la magetsi. ESCOM inagawidwa, ndipo kuyambira 2017 ntchito yopanga magetsi inapita ku EGENCO, pamene ESCOM inatsala ndi mawaya ndi kugulitsa. Chachikulu m'kusinthako n'chakuti makampani omwe si a boma analoledwa kupanga magetsi n'kumagulitsa. Zipatso zake zikuoneka ndi maso. Ku Salima kuli munda wa mapanelo wa mamegawati 60 umene unayamba ntchito mu 2021, ndipo amene mumadutsa njira ya ku Monkey Bay popita ku Dedza mukudziwa za Golomoti, kumene kuli mamegawati 20 pamodzi ndi mabatire akuluakulu osunga mphamvu ya dzuwa. Minda imeneyi inamangidwa ndi ndalama za kampani, boma linangotsegula chitseko. Muone bwino pamenepa, chifukwa ndiyo njira imene boma linasankha: kutsegula msika kuti amalonda alowemo, osati kugawa katundu ngati mmene amagawira chimanga cha njala.

Nanga ife amene mawaya sanatifike? Pa kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja khumi alionse m'dziko muno, pafupifupi limodzi lokha ndi limene linali ndi magetsi a ESCOM, ndipo kumudzi kunali kochepa kuposa pamenepo. Pulogalamu yobweretsa mapolo ndi mathiransifoma kumudzi ndi MAREP, ndipo ndalama zake zina zimachokera pa kagawo ka mtengo wa mafuta. Inu eni mabwato a injini, petulo aliyense amene mumagula popita kokoka chilimira amaponya kenakake m'thumba limenelo. Choncho munthu akabwera kuti sonkhani ndalama kuti mapolo a MAREP afike msanga, dziwani kuti mwakumana ndi wakuba wina. Zopempha za MAREP zimadutsa ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya dera, mpaka ku khonsolo.

Mapolo sangafike paliponse chaka chimodzi, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nankumba ndi kumapiri a Namwera. N'chifukwa chake boma linachita zinthu ziwiri zokhudza sola ya pakhomo. Choyamba, mu bajeti ya 2019 linachotsa msonkho wa VAT pa mapanelo, mabatire a sola, mainvata (osintha mphamvu ya batire kuti ifanane ndi magetsi a ESCOM) ndi zipangizo zina zotere. Chachiwiri, pansi pa pulojekiti yothandizidwa ndi World Bank, Unduna wa Zamphamvu unakhazikitsa thumba lotchedwa Ngwee Ngwee Ngwee. Dzinalo ndi lathu lomwe, kuwala kuti ngwee. Thumba limeneli silipereka ndalama kwa munthu payekha, ndipo silikhala ndi kalembera wolipira. Limabwereketsa ndalama kwa makampani ovomerezeka a sola kuti aitanitse katundu wambiri, komanso limalipira gawo lina la mtengo kampani ikaonetsa umboni woti yaikadi sola m'nyumba ya munthu. Inu mumapita kwa ejenti wa kampaniyo, mumapereka ndalama yoyambira, mumalandira katundu, kenaka mumalipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya kampani. Ndibwerezenso: ndalama imayenda pamodzi ndi katundu ndi risiti. Wopempha ndalama lero n'kumati katundu abwera Lachisanu, ameneyo si wa boma.

Apa mayi wina wogulitsa usipa anaimirira n'kunena kuti: "Pepani alangizi, ndikudulani. Mukuti msonkho anachotsa, koma sola imene ndinafunsa chaka chatha ndi imene ndafunsa mwezi uno, mtengo wake wasiyana kutali. Ndiye mnansi wanga anatenga yolipira pamwezi, atachedwa masiku ochepa anamuzimitsira. Thandizo la boma lili pati pamenepa?"

Mayi, mwafunsa bwino, ndipo ndikuona mitu yambiri ikugwedezeka, kusonyeza kuti funsoli si lanu nokha. Ndiyankha mbali zonse ziwiri.

Mapanelo ndi mabatire sitipanga kuno, amachokera kunja, makamaka ku China, ndipo amagulidwa ndi madola. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Wamalonda amene ankagula panelo ndi makwacha akutiakuti anayamba kufunika pafupifupi kuwirikiza kawiri kuti agule panelo yomweyo, ndipo madolawo sapezeka mosavuta ku banki. Chimene kuchotsa msonkho kunatsitsa pa mtengo, kugwa kwa kwacha kunabwezera n'kupitirira. Izi ndi zoona ndipo zimawawa. Koma msonkho ukanakhalapo, mtengo umene wakudabwitsaniwo ukanakwera kuposa pamenepo. Ndinenenso kuti si wamalonda aliyense amene amatsitsa mtengo msonkho ukachoka, ena amangoika phindulo m'thumba, ndiye musagule pa shopu yoyamba. Inu amayi mukafika pagombe simugula chigoba cha usipa kwa msodzi woyamba musanamve mitengo ya ena, koma pa sola, imene ndi ndalama yambiri, mumathamangira. Chifukwa chiyani?

Tsopano za kuzimitsidwa. Sola yolipira pang'onopang'ono ndi ngongole, ndipo m'kati mwa kabokosi ka batire kamene kamabwera ndi solayo muli loko. Mukalipira mumalandira manambala kapena kabokosiko kamatseguka kokha, masiku anu akatha kamatseka. Kampani imachita zimenezi chifukwa sinakufunseni chikole, sinatenge njinga yanu kapena munda wanu. Mukawerengera zonse, mupeza kuti mwalipira zambiri kuposa wogula kamodzi, pakuti muli chiwongoladzanja. Vuto lathu kuno ndi lakuti ndalama zathu zimayenda ndi nyanja. Mwera ukaomba mu Juni ndi Julayi mabwato sapita, mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, ndipo nyengo yotseka usodzi ikafika m'nyumba zambiri mumakhala mopanda kanthu. Ndiye musanasaine, funsani ejenti mafunso atatu: ndalama zonse pamodzi ndi zingati, ndikachedwa chichitike n'chiyani, ndipo kodi ndingalipiriretu miyezi ingapo nthawi imene nsomba zikugwidwa? Safunsa anadya phula. Ngati simutha kuwerenga pepalalo, itanani mwana wa sekondale akuwerengereni mokweza pamaso pa ejentiyo. Ndipo ngati kampani yaphwanya zimene inalemba, katundu waonongeka nthawi ya waranti isanathe koma akukana kukonza, kuli bungwe la CFTC limene limamva madandaulo a ogula. Koma kumeneko akakufunsani risiti, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwa, chifukwa risiti timakulungira mandasi tsiku lomwelo.

Wakuba wina sayenda ndi kope, amakhala pa shelefu. Mwezi watha ndinalowa m'nyumba ina kufupi ndi gombe, mwini wake akudandaula kuti sola ndi bodza. Padenga panali kapanelo kotalika ngati mkono wanga, koma pa kapepala kakumbuyo analemba mawati 300. Panelo yeniyeni ya mawati 100 imatalika pafupifupi mita imodzi, ndiye kanthu kakang'ono kotero kangapereke bwanji 300? Kapepalako ndinakakanda ndi chikhadabo, kanamatuka. Mawaya anachoka padenga n'kulunjika pa batire ya galimoto popanda kontirola pakati, atangopotedwa ndi manja n'kukulungidwa ndi jumbo. Batireyo inali itafufuma m'mbali, ikununkha ngati dzira lovunda, ndipo inali pansi pa bedi pamene pamagona ana, m'nyumba ya denga la udzu. Bambo ameneyo anataya ndalama, koma akanatha kutaya zoposa ndalama. Batire ya galimoto inapangidwira kuliza injini, siinapangidwe kuti iziyatsa mababu usiku wonse, ndipo kontirola ndi imene imaletsa batire kudzaza mopitirira. N'chifukwa chake pali MBS yoona za ubwino wa katundu, ndi MERA imene imapereka ziphaso kwa amisiri oika magetsi. Mmisiri akabwera, mufunseni chiphaso, si mwano.

Achinyamata, apa ndipo pali nkhani yanu. Msika umene boma likutsegulawu ukufuna anthu, ndipo zimandipweteka kuona kuti sola ikaonongeka kuno timadikira munthu wochokera ku Blantyre. Makampani amafuna maejenti odziwa midzi ndi chilankhulo cha anthu. Maphunziro oika ndi kukonza sola amapezeka kudzera ku TEVETA, ndipo amene anakhoza bwino Fomu 4 adziwe kuti ku yunivesite ya Mzuzu kuli digiri ya mphamvu zongowonjezereka monga za dzuwa. Ganizirani zimene gombe limodzi limafuna tsiku lililonse. Siginala, msodzi wokopa usipa ndi nyali, amafuna mabatire a nyali zake atchajidwe asanalowe m'madzi madzulo. Amayi amafuna firiji kuti chambo chidikire wogula wabwino m'malo mochitaya pa mtengo wolira. Pali mahema oumitsira nsomba ndi dzuwa amene anayesedwa kale ku Cape Maclear, momwe usipa umauma wopanda mchenga ndi ntchentche, ngakhale nthawi ya mvula. M'mbali mwa Shire ndi Malombe pampu ya sola ingathirire dimba popanda kugula petulo. Kwina anthu anafika patali: ku Bondo ku Mulanje mudzi umayatsa magetsi a mtsinje wa Lichenya, ku Sitolo ku Mchinji ali ndi magetsi a dzuwa a mudzi wonse oyendetsa ndi chigayo chomwe. Magulu a banki mkhonde, m'malo moti pogawana aliyense akagule kapanelo kachinyengo payekha, bwanji osagula chipangizo chimodzi chenicheni chimene chizibweretsa ndalama?

Ndikuona dzuwa lapendeka ndipo ena mwayamba kuyang'ana kunyanja, ndiye ndithamange. Mlendo aliyense wonena za sola ayambe waonekera kwa a mfumu, aonetse chitupa cha kampani ndi kalata yochokera ku khonsolo. Musalole munthu wosadziwika kujambula chitupa chanu cha unzika, pakuti angakatengere ngongole m'dzina lanu. Lipirani ku nambala ya kampani, osati ya munthu, ndipo uthenga wa pafoni musaufufute. Risiti ndi pepala la waranti muziike pamodzi ndi makadi a kusikelo. Batire ikhale podutsa mpweya, kutali ndi pogona ana ndi pamoto. Panelo muziipukuta fumbi ndi kansalu konyowa m'mawa. Ndipo kachitatu, kapena ndi kachinayi: boma silitolera ndalama za sola khomo ndi khomo.

Amene munapereka ndalama kwa anyamata aja musachoke. Mlembi wa komiti ali ndi kope pa benchi apo, lembetsani dzina, tsiku ndi ndalama imene munapereka, ndipo amene muli ndi nambala imene anasiya muionetse. Mawa m'mawa a Gulupu ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi apita nazo kupolisi. Zikomo a Gulupu, ndabweza mawu kwa inu.