Mafuta amene amatchinga maselo athu

Zikomo amayi ndi abambo. Ndiyambe ndi funso: mukathira mafuta m'madzi, amasakanikirana? Ayi, amayandama paokha. Ndiye tamverani izi. Thupi lathuli ndi madzi ambiri, ndipo linapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono tamoyo totchedwa maselo, koma selo iliyonse ya m'thupimu inakutidwa ndi kakhungu ka mafuta. Mafutawo asayansi amawatcha ma phospholipid.

Kamodzi ka timafutati kamaoneka ngati mbululu ya michira iwiri. Mutu wake uli ndi mankhwala otchedwa phosphate ndipo umakonda madzi. Michira ndiye ayi, ikangomva madzi imathawa. Tsono kunja kwa selo kuli madzi, mkatinso muli madzi. Timafutati titani? Timangofola mizere iwiri, mitu ina kuyang'ana kunja, ina kuyang'ana mkati, michira n'kubisala pakati pouma. Palibe wotifoletsa. Ndipo pakabooka pang'ono, timasendererana n'kutseka tokha. Ine pamenepa mpomwe pamandigometsa.

Zoti mizere ndi iwiri anazitulukira asayansi awiri, Gorter ndi Grendel, ku Netherlands mu 1925. Anachotsa mafuta m'maselo ofiira a magazi n'kuwayala pamwamba pa madzi, ndipo mafutawo anadzaza malo owirikiza kawiri kukula kwa khungu la maselowo. Kupyapyala kwake musachite kufunsa: mutasanjikiza timakungu 10,000, simungafike kukhuthala kwa pepala limodzi.

Koma musaganize za khoma la njerwa. Mu 1972 asayansi ena, Singer ndi Nicolson, anafotokoza kuti khunguli ndi lamadzimadzi, timafutati timayendayenda, ndipo mapuloteni amayandama pakati pake. Michira ina ndi yokhota, choncho sithinana, n'chifukwa chake khungu siliuma gwa kukazizira. Mpweya wa okosijeni umadutsa wokha. Mchere ndi shuga sizingadutse pa michira paja, zimalowera pa makomo a mapuloteni, ndipo selo ndi imene imatsegula kapena kutseka.

Amayi, mwina munaonapo mwana wobadwa masiku asanakwane akubanika. Mkati mwa mapapo mumayenera kukhala kamafuta ka mtundu womwewu koletsa timatumba ta mpweya kumatirirana. Mwanayo amakhala asanapange kokwanira, ndiye madokotala amatha kumuthirira m'mapapomo.

Ambuyo mwakweza mkono, mukuti sopo? Eya. Mavairasi ena, monga wa COVID-19, nawonso amavala chikhoto cha mafuta omwewa. Sopo naye ali ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta, ndiye amalowerera m'chikhotomo n'kuching'amba.