Kuonera pabalaza zomwe zili m'kompyuta ya kuchipinda: zomwe adayankhula wokonza ma TV pamsonkhano wa m'dera ku Ndirande

Zikomo amfumu pondipatsa mpata. Azimayi, azibambo, ndi inu achinyamata mwaima kumbuyoko, senderani kuno chifukwa nkhaniyi kwenikweni ndi yanu.

Nonse mwamva zomwe zachitika kumtunda kuja sabata yathayi. Nyumba sinditchula, eni ake akudandaula kale. Ine anandiitana m'mawa mwake kuti ndikaone ngati TV ingadzuke. Ndinapeza katani yapsa theka, khoma lada bii, fungo la pulasitiki likadali m'nyumba. Mnyamata wa pakhomopo, wanzeru zake ndithu, ali ndi kompyuta kuchipinda yodzaza mafilimu ndi nyimbo za kwaya, ndiye makolo amafuna azionera pabalaza. Maganizo abwino. Koma soketi ya pabalaza inafa kalekale. Iye anadula ekisitenshoni, nawonjezera waya wowonda wa masipika, polumikizapo n'kukulunga ndi pepala la shuga. Waya uja anautulutsira pazenera, kuuyendetsa kunja m'munsi mwa malata, n'kuulowetsa pazenera lina. Mvula ija itabwera madzi analowa polumikiza paja, basi shoti. Mwayi wake anthu anali asanagone.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi: chodutsa khoma chikhale chithunzi, osati moto. Kompyuta idye pasoketi yake, TV idye pasoketi yake. Soketi ikafa itanani wodziwa zamagetsi akonze, musamakoke moto kuchokera chipinda china. Magetsi a m'nyumba zathu ndi mavoti 230, waya wa masipika sanapangidwire zimenezo.

Nanga chithunzicho chiyenda bwanji? Njira yosavuta ndi waya wa HDMI, uja wakamwa kophwatalala. Umatenga chithunzi ndi mawu pamodzi. Koma uli ndi malire ake. Ukapitirira mamita 10 kapena 15, chithunzi chimayamba kuphethira, mwina kuzimiratu, makamaka mawaya otchipa aja mumagula osawayesa. Mukamagula ku Limbe kapena mumsika mwathu muno, yezani kaye mtunda ndi chingwe kunyumba, ndipo wogulitsayo auyese pa TV inu mukuona. Ngati chipinda chili kutali, pali timabokosi tiwiri totchedwa HDMI extender, kena kumakhala kukompyuta kena ku TV, pakati pake mumayika waya wa netiweki wa Cat6. Umenewo umafika mamita makumi angapo bwinobwino. Amene muli ndi makompyuta akale a pulagi yabuluu ija, ya VGA, dziwani kuti imatumiza chithunzi chokha. Ambiri mumabwera kushopu kwanga kuti TV yafa sipika, pomwe vuto n'lakuti simunayike kawaya ka mawu. Waya wa chithunzi ameneyu booleni pakhoma kabowo kabwino adutse mkati mwa nyumba. Kunja ayi, pamalata ayi.

Njira ina ndi yopanda waya konse, ngati TV yanu ndi smart TV ndipo muli ndi rauta kapena MiFi, timabokosi tija topereka Wi-Fi m'nyumba. Kompyuta ndi TV zonse zikalowa pa Wi-Fi imodzi, zimatha kuonana. Pa Windows mumatsegula media streaming, kenako TV imaona mafoda a mafilimu ngati kuti mwasomeka fulashi. TV yakale yokhala ndi HDMI mutha kuigulira kachipangizo koilowetsa pa Wi-Fi, konga Chromecast kapena kabokosi ka Android...

Eya mayi, funsani.

(Mayi wina: Bambo, nanga zimenezozo sizitha bandulo? Ife bandulo ya sabata ana amaimaliza tsiku limodzi.)

Mwafunsa bwino mayi, ndipo ndikuona ambiri akugwedeza mitu. Wi-Fi ndi intaneti si chinthu chimodzi. Rauta ija ili ngati njira ya pakhomo panu, yochoka kukhitchini kupita pabalaza. Intaneti ndi msewu wopita kutauni. Mukanyamula mbale ya nsima kukhitchini kupita nayo pabalaza simulipira minibasi. Chimodzimodzi filimu yomwe ili kale m'kompyuta, ikamapita ku TV kudzera parauta sidutsa ku Airtel kapena ku TNM, ndiye bandulo siikhudzidwa. Ngakhale bandulo itatha, filimu imaonekabe, bola rauta ili yoyaka. Pomwe ndalama zimathera ndi apa: mwana akatsegula YouTube kapena Netflix pa TV, zimenezo zikuchokera kunja, ndipo TV yaikulu imakoka chithunzi chapamwamba kuposa foni, motero imadya kwambiri. Chinanso, kompyuta ikaona Wi-Fi imayamba yokha kukoka ma update a Windows. Muuzeni mwanayo alowe m'masetingi ayike metered connection, kompyuta idziwe kuti bandulo ndi yowerengera. Ndipo mayi, pasiwedi ya rauta muzisunga ndinu. Kunyumba ina ndinapeza mafoni asanu ndi atatu ali pa MiFi imodzi, eni nyumba akudziwapo atatu okha, enawo a nyumba zoyandikana. Musamachite manyazi kusintha pasiwedi, ndalama ndi yanu. Komanso makoma athu a njerwa zootcha amafooketsa Wi-Fi. Rauta musaibise m'kabati kapena pansi pa bedi, ikhale pamwamba, pakati pa zipinda ziwirizo. Ngati ikuonetsa ma Wi-Fi awiri, ya 2.4 ndi ya 5, sankhani ya 2.4, ndi yomwe imapyola makoma bwino.

Ndibwerere ku moto uja, chifukwa ndi umene wandibweretsa. Chodutsa khoma chikhale chithunzi, osati moto. Ndipo azibambo, ndikudzudzuleni pang'ono. Pulagi yathu ili ndi mano atatu. Dzino lalitali lapamwamba lija ndi la earth, limateteza munthu ndi chipangizo. Inu mumalithyola, kapena mumatenga chotsekera cholembera n'kutosa m'soketi kuti pulagi ya mano awiri ilowe, ana akuonerera. Fyuzi ikapsa mumakulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Fyuzi imeneyo imafa dala kuti nyumba isapse, sipitirira ma amp 13, ndipo mtengo wake sufika ngakhale wa buledi. Kompyuta ndi TV zikakhala pamasoketi osiyana, wina wopanda earth, mukasomeka HDMI zonse zili zoyaka mumaona kamoto thetheee pakamwa pa waya. Kabowo ka HDMI kafa pamenepo. Ndili ndi ma TV ambiri pashelefu amene anafa imfa imeneyi. Zimitsani zonse ziwiri pakhoma, somekani, kenako yatsani.

Tsopano tili m'dzinja. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mukudziwa mmene ziphaliwali zimachitira kuno kuphiri. Bingu likayamba, zulani mapulagi, zulaninso HDMI ndi waya wa eriyo kapena wa dishi. Kuzimitsa ndi rimoti sikuteteza kanthu. TV guard, kabokosi kaja kokhala pakati pa soketi ndi TV, ndi yabwino, imathandiza magetsi akabwera mwamphamvu atazima, koma mphenzi siimva TV guard.

Inu achinyamata kamodzi aka: mukalumikiza kompyuta ku TV, zonse zomwe mukuchita kuchipinda zimaoneka pabalaza, mauthenga ngakhale zithunzi, agogo ndi ana ali pompo. Tsekani zanu zonse musanalumikize.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kumwamba, mtambo wadadi, ndifulumire. Zimitsani zonse pakhoma. HDMI kukompyuta, mbali inayo ku TV. Yatsani, parimoti dinani Source kapena Input, sankhani HDMI yomwe mwasomekayo. Pakompyuta dinani batani la Windows ndi P, sankhani Duplicate. Mawu akamatulukira kukompyuta, pitani pakachizindikiro ka sipika musankhe TV. Filimu ikakana kutseguka ikani VLC, pulogalamu yoonetsera mafilimu, ndi yaulere. Opanda waya, dinani Windows ndi K, dzina la TV yanu lioneka pakompyuta ikakhala kuti imalola zimenezi. Kuti musamathamangire kuchipinda kukaimitsa filimu, gulani mausi yopanda waya, koma yesani kaye ngati ikufika. Kompyuta musaisiye pamatilesi, imatentha. Ndipo moto usadutse khoma, chithunzi chokha.

Amene mwabwera ndi ma ekisitenshoni monga amfumu analengezera, bwerani nawo pakhonde apa ndiwaone mvula isanayambe. Mayi a bandulo aja muyambe ndinu.