Kodi hediseti ya 7.1 imakuuzanidi komwe kuli mdani m'gemu?

[Pa sikirini: bokosi la hediseti, kamera ikuyandikira pa nambala 7.1]

Nambala iyi inachokera ku masipika a m'chipinda choonera mafilimu. Masipika 7 amazungulira munthu: atatu kutsogolo, awiri m'mbali, awiri kumbuyo. Ka 1 kakumapetoko ndi sipika ya besi. Ndiye munthu akaona 7.1 pa bokosi, amayesa kuti masipika onsewo ali m'kati. Chotsani khushoni la mbali imodzi muone.

[Pa sikirini: khushoni lachotsedwa, sipika ikuoneka]

Sipika ndi imodzi, nthawi zambiri ya mamilimita 40 kapena 50. Mbali inayo imodzinso. Awiri basi.

Alipo mahediseti amene anayesa kuika masipika ambiri enieni. Razer Tiamat 7.1 inali ndi 10, asanu mbali iliyonse. Njirayi sinafike patali. Masipika onsewo amakhala masentimita ochepa chabe kuchokera pa khutu, ndiye ya "kutsogolo" ndi ya "kumbuyo" zimamveka ngati zikuchokera pamodzimodzi. Komanso kuti asanu akwane, iliyonse imayenera kuchepa, mawu n'kupepuka. Mahediseti ambiri a masiku ano ntchito yozunguliza mawu anaisiyira pulogalamu, ndipo pulogalamuyo imapusitsa ubongo potengera mmene makutu amagwirira ntchito.

Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Mfuti ikalira kumanja kwanu, khutu lamanja limayamba kumva, lamanzere pambuyo. Kusiyanako sikufika n'komwe milisekondi imodzi, koma ubongo umakuwerenga. Mutu nawonso umatchinga mawu, makamaka okwera, osati a besi, moti khutu la mbali inayo limawamva mofooka. Ziwirizi n'zokwana kusiyanitsa kumanja ndi kumanzere, ndipo hedifoni iliyonse ya stereo, ya njira ziwiri za mawu, kumanja ndi kumanzere, imazichita bwino.

Povuta ndi apa. Mawu ochokera kutsogolo kwenikweni ndi ochokera kumbuyo kwenikweni amafika m'makutu onse nthawi imodzi, ndi mphamvu yofanana. Chimene chimawasiyanitsa ndi mapindidwe a khutu lakunjali. Mawu asanalowe m'kati amagunda m'makwinyamo, ena n'kukula, ena n'kuchepa, malinga ndi komwe achokera. Za pamwamba ndi pansi timazidziwanso motero. Hedifoni imadumpha zonsezi chifukwa imathira mawu molunjika m'khutu kuchokera pambali.

Akatswiri anapeza njira yake. Amaika timaikolofoni m'makutu a munthu kapena a chidole chokhala ndi mutu ngati wa munthu, n'kuliza mawu kuchokera mbali zambirimbiri, n'kulemba mmene mutu ndi makutu zawasinthira. Muyeso umenewu umatchedwa HRTF. Pulogalamu ikafuna kuti mdidi umveke kumbuyo kwanu, imausintha monga mmene khutu likanausinthira.

Koma makutu amene anayezedwawo si anu. N'chifukwa chake hediseti yomweyo mnzanu amaiyamikira, inu n'kumamva mdani ngati ali m'mutu mwanu, kapena wakutsogolo ngati ali kumbuyo. Palibe akunama. Sony inaliona vutoli, moti PlayStation 5, imene inatuluka mu 2020 ndi njira yake yozunguliza mawu yotchedwa Tempest 3D, inabwera ndi miyeso isanu yoti musankhepo. Mumamvetsera, n'kutenga umene mawu ake akumveka molingana ndi makutu anu, osati pamwamba kapena pansi. Musadumphe sitepe imeneyi. Ndipo imagwira ndi hedifoni wamba ya waya, osati ya Sony yokha.

[Pa sikirini: zosankha za mawu m'kati mwa gemu]

Tsopano funso limene limaposa la mtundu wa hediseti: gemu ikutumiza chiyani?

Ikatumiza stereo yokha, inu n'kuyatsa batani la 7.1, pulogalamu ilibe poyambira. Siidziwa komwe mdani ali, ndiye imangotambasula mawu n'kuonjezera kunjenjemera ngati muli mu holo yopanda mipando. Poyamba zimakoma, dziko limaoneka ngati lakula. Koma mdidi umafalikira, ndipo simuthanso kuloza ndi chala komwe uli.

Ikatumiza njira 7.1 zenizeni, pulogalamu imaika masipika ongoyerekeza 7 mozungulira mutu wanu. Apa kutsogolo ndi kumbuyo zimayamba kusiyana. Komabe masipika onsewo ali pa mzere wa makutu, moti mdani wa pa nyumba yosanja pamwamba panu amamveka ngati muli naye pansi limodzi.

Zabwino koposa ndi pamene gemu yeniyeniyo ili ndi HRTF yakeyake, chifukwa imadziwa malo enieni a chinthu chilichonse, ngakhale kutalika kwake. Counter-Strike: Global Offensive inayamba kuchita zimenezi kumapeto kwa 2016, Valorant mu 2021. M'magemu otere, hedifoni yabwino ya stereo imakwana.

Apa ndi pamene ambiri amadzionongera. HRTF ya gemu ayatsa, Windows Sonic, pulogalamu ya Windows yozunguliza mawu, ayatsa, batani la 7.1 pa kabokosi ka USB ka hediseti nalonso lili kuwala. Mawu asinthidwa katatu, aliyense akuwapotoza mwa njira yake. Zotsatira zake, mfuti imalira ngati ili mu mgolo ndipo kumbuyo ndi kutsogolo zimasokonekera. Woyendetsa akhale mmodzi.

Konzani chonchi. Ngati gemu ili ndi HRTF kapena 3D audio, iyatseni, musankhe Headphones, kenako muzimitse zina zonse. Pa Windows 11, dinani kumanja kwa mausi pa kasipika ka pansi, lowani Sound settings, sankhani hediseti yanu, pa Spatial sound muike Off. Muzimitsenso surround, yozunguliza mawu ija, ya mu pulogalamu ya kampani ya hediseti. Ngati gemu ilibe, tembenuzani: m'gemu musankhe 7.1 kapena 5.1, osati stereo, ndipo muyatse chimodzi chokha mwa izi: Windows Sonic, imene ndi yaulere, Dolby Atmos for Headphones kapena DTS Headphone:X, zimene zimafuna laisensi, kapena 7.1 ya hediseti yanu. Muli komweko, onani kuti Mono audio ndi yozimitsa. Ikakhala yoyaka, makutu onse amalandira zofanana ndipo palibe chimene chingagwire.

Za waya. M'mahediseti ngati HyperX Cloud II, 7.1 imakhala m'kabokosi ka USB. Mukalumikiza ndi kapulagi ka mamilimita 3.5 molunjika, mwatsala ndi stereo. Palibe chaonongeka, kabokosi mwakalambalala basi.

Opanda waya alipo a mitundu iwiri. A 2.4 GHz, okhala ndi kachipangizo kolandira mawu opanda waya kosomeka pa USB, amachedwa pang'ono kwambiri moti simungazindikire. Bluetooth wamba imachedwa kupitirira mamilisekondi 100, nthawi zina kufika 200, ndiye mdidi umakupezani mdani atatulukira kale pa kona. Choipa china, mukayatsa maikolofoni pa Bluetooth wamba, mawu amagwera pa mono ngati a pa foni. Surround yathera pomwepo.

[Pa sikirini: mizere ya equalizer]

Mahediseti ambiri a magemu amabwera besi itakwezedwa kuti mabomba azigwedeza mutu. Besi yotere imaphimba mawu apakati ndi okwera, pomwe ndi amene amanyamula mdidi ndi kulira kwa mdani akusintha zipolopolo. Tsitsani pang'ono za pansi pa 200 Hz, ndi madesibelo 3 kapena 4, musanaganize zokweza voliyumu. Kukweza sikuonjezera kulondola, kumangotopetsa makutu. Khushoni nalonso liyang'aneni. Likaphwa mbali imodzi, kapena mwendo wa magalasi ukalikweza, mbali imeneyo imataya besi, chithunzi chonse n'kupendekera kwina. Mahedifoni otseguka kumbuyo amamveka motakasuka ndipo mtunda umadziwika bwino, koma amalowetsa phokoso la m'chipinda.

Yesani nokha, mphindi khumi zikwana. Lowani mu mapu opanda adani ndi mnzanu. Imani malo amodzi, tsinzinani, iye athamange mokuzungulirani n'kuombera malo 20 osiyanasiyana, ena pamwamba, ena kumbuyo. Nthawi iliyonse nenani komwe ali, iye alembe. Bwerezani ndi surround yozimitsa, kenako ndi pulogalamu ina, voliyumu ikhale yofanana, chifukwa chokwera voliyumu nthawi zonse chimamveka ngati chabwino. Kumanja ndi kumanzere mukhoza pafupifupi paliponse, ndiye muwerengetse za kutsogolo, kumbuyo ndi pamwamba.

Ife tikuona kuti m'magemu a nkhani, a magalimoto ndi owopseza, surround imakometsadi: mvula imagwa mokuzungulirani, chitseko chimalira kumbuyo kwanu mpaka kucheuka. M'magemu a mpikisano, yambani ndi HRTF ya gemu, ndipo batani la 7.1 muliyatse pokhapokha ngati pa mayeso aja lakupatsani zokhoza zambiri. Mukasintha, pitirizani nazo masiku angapo musanaweruze, chifukwa ubongo umatenga nthawi kuti uzolowere makutu obwereka.