Galu wa aneba akumangoduka pachingwe: muyambire pati?

[Chithunzi: galu akutulukira pansi pa mpanda wa bango, kachidutswa ka chingwe kakulendewera m'khosi]

Galu uyu waduka kachitatu sabata ino. Dzulo anagwetsa thandala la usipa, lero wapitikitsa anapiye, koma mwini wake akungosintha chingwe. Zikafika pamenepa ambiri amaganiza za tameki. Musayerekeze. Nyambo yapoizoni sisankha: nkhuku imajompha, mphaka amadya, mwana wokwawa amatola, ndiye mlandu umatembenukira inu amene munali wolakwiridwa.

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Musanakagogode kwa aneba, muonetsetseni galuyo masiku atatu: amatuluka nthawi yanji, amatulukira pati, amalunjika kuti.

Akamatuluka m'mawa kapena madzulo, n'kuthamanga uku ndi uku kenako n'kubwerera yekha, ndiye kuti mphamvu zamuchulukira, sayendetsedwa. Akamalunjika kudzala kapena pamene mwayanika nsomba, ndi njala. Akasowa masiku awiri n'kubwera ndi mabala m'makutu, kwinakwake kuli galu wamkazi amene ali pa nyengo yokweredwa. Zimenezi zimabwera pafupifupi kawiri pachaka, ndipo zimatenga masabata awiri kapena atatu. Koma akamakumba pafupi ndi bafa pamene pali chinyezi, akuthawa dzuwa. Kutentha kwa mu Okutobala kuno ku Mangochi mukukudziwa.

[Chithunzi: anthu awiri akhala pakhonde]

Pitani kwa mwini galu mtima utatsika, osati mutanyamula nkhuku yakufa. Odi kaye, moni, kenako: "Achimwene, galu wathu uja akumatulukira kuseri kwa bafa cha m'ma 5 koloko. Ndikuopa angagundidwe pamsewu, kapena wina angamuchite chipongwe. Tingatseke bwanji?" Mukatero mwawapatsa malo, nthawi, komanso chifukwa choti iwonso ade nkhawa.

Eni agalu nawonso amvetse izi. Mabanja ambiri kuno ndi achisilamu, ndipo galu akanyambita chiwiya chimayenera kutsukidwa maulendo 7, kamodzi ndi dothi. Zimene inu mukuti "wangonunkhiza mbale" kwa anzanu ndi nkhani yaikulu.

Tsopano njira zothetsera vutoli, zoti eni galu achite. Galu wamkulu wathanzi ayende mphindi 30 m'mawa ndi zina 30 madzulo, ali pachingwe, tsiku lililonse. Ikhale 7 koloko isanakwane komanso 5 koloko itadutsa. Musananyamuke, gunditsani kuseri kwa dzanja pamchenga kapena patala kwa masekondi 5. Inu mukalephera kupirira, mapazi ake apsa. Musiyeni azinunkhiza m'njira, musamamukoke ngati mbuzi yopita kumsika, chifukwa kununkhizako kumamutopetsa mutu. Ndipo pewani mabango a m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe m'bandakucha ndi chisisira. Ng'ona imakonda galu.

Eni ake akati alibe nthawi, mnyamata wamkulu wa pakhomopo, amene galu amamuzolowera, angathe. Mwana wamng'ono ayi.

[Chithunzi: waya womangidwa pakati pa mitengo iwiri]

Cholakwika chofala ndi ichi: galu akaduka, amamufupikitsira chingwe. Galu wokhala pa chingwe cha mita imodzi tsiku lonse amalusa, amauwa usiku wonse, ndipo akaduka amapita kutali kuposa kale. Chothandiza ndi waya woyendapo. Kokani waya wokhuthala wa mamita 10 mpaka 15 pakati pa nsanamira ziwiri zolimba. Lowetsanimo mphete yachitsulo, pamphetepo mukolekepo tcheni cha mamita awiri kapena atatu chokhala ndi kachitsulo kozungulira, kuti chisapotane. Mangani chotchinga pawaya chakumapeto konse kuwiri kuti galu asazungulire nsanamira n'kudzikola. Chofunika kwambiri: tcheni chisafike pampanda. Galu akalumpha mpanda ali womangidwa amalendewera n'kufa.

Chingwe cha nayiloni amachitafuna mphindi zochepa chabe. M'khosi muikemo lamba, osati waya kapena chingwe chothina. Zala ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi khosi; zikalowa zinayi, avula. Pamalopo pakhale mthunzi wa tsiku lonse, osati wa m'mawa wokha, ndi madzi mu chiwiya chosagubuduzika. Galu wa makilogalamu 20 amamwa madzi oposa lita imodzi patsiku, nyengo yotentha kuposerapo. Wayayu ndi wothandizira chabe, salowa m'malo mwa kuyenda kuja.

Za mpanda: utalike mamita 1.8, ndipo chotsani njerwa, migolo kapena nkhuni zoundana m'mbali mwake, chifukwa ndiwo makwerero ake. Koma dothi lathu la mchenga, agalu ambiri salumpha, amakumba. Kukwirira dzenje ndi mchenga womwewo n'kutaya nthawi. Yalani waya wa nkhuku wolimba pansi, mulifupi masentimita 50 kuchokera pampanda kulowa mkati, mumangirire kumpanda, mukwirire ndi dothi n'kusanjikapo miyala. Galu amakumba patsinde pa mpanda, akagunda waya amagwa ulesi. Geti likhale ndi loko wotsekeka ndithu, osati kawaya kokoleka.

Wanjala uja adye kawiri patsiku, nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi bonya kapena usipa. Wothamangira akazi uja, mpanda wokha sungamuletse. Funsani alangizi a ziweto za kumufula.

[Chithunzi: galu ali pabwalo, mwana waima chilili]

Galu akalowa kwanu, musamuthamangitse. Wosowa masewera amayesa mwayamba kusewera naye, wamantha amaluma. Ana aphunzitseni kuima nji ngati mtengo, manja atapinda pachifuwa, osakuwa, osamuyang'ana m'maso. Kwiriraninso zotsala za nsomba kudzala, chifukwa galu amabwerera kumene anadyako.

Funsani eni ake ngati anabayitsa katemera wa chiwewe. Amayambira miyezi itatu, ndipo abwerezedwe chaka ndi chaka. Wina akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Osathirapo tsabola kapena ubweya wa galuyo. Zizindikiro za chiwewe zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Galu wolumayo asaphedwe mwachinsinsi. Atsekeredwe masiku 10 a zaziweto akumuona, koma wolumidwa asadikire masikuwo kuti ayambe katemera. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu, akuluma chilichonse, musamuyandikire, itanani a zaziweto.

Nanga aneba akakana kumva? Lembani masiku amene galu watuluka, jambulani pafoni zimene waononga, mukhale ndi mboni imodzi. Pitani nazo kwa nyakwawa kapena mfumu ya dera lanu, ndipo pamenepo pemphani zinthu zooneka: dzenje litsekedwe pofika tsiku lakuti, galu abayidwe katemera, nkhuku zilipidwe zingati. Ngati waluma munthu, kapena zimene munagwirizana kwa amfumu sizikutsatidwa, nkhaniyo ipite ku ofesi ya zaziweto ndi kupolisi, mutatenga zithunzi zija ndi buku lakuchipatala.