Kukonza ulendo wa paboti ndi tabuleti musanatsikire kunyanja

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Ambirinu mumachoka kuno ku Mtunthama kukapikula usipa ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa, ndipo pena mumachita hayala boti kuti mukafike pamadooko pomwe galimoto siifika. Ulendo umenewo uzikonzedwa muli konkuno, mapazi akadali pouma.

Tiyambe ndi tabuletiyo. Si iliyonse ili ndi GPS, kachipangizo kosonyeza pamapu pamene muli. Zina zopanda polowetsa simu khadi, monga iPad ya Wi-Fi yokha, zimasokera mukangotalikira kumtunda. Yesani chonchi: zimitsani data ndi Wi-Fi, tulukani pabwalo, tsegulani mapu n'kuyenda pang'ono. Kadontho kabuluu kakamakutsatirani, ndiye kuti zili bwino. GPS imamva masetilaiti, siidya bandulo. Chimene chimafuna intaneti ndi mapuwo, choncho atsitseni kukadali netiweki. Mapulogalamu a Google Maps ndi OsmAnd onse amalola kusunga mapu a dera lonse mu tabuleti.

Kenako ikani chizindikiro pa dooko lonyamukira, pa dooko lofikira, komanso pamadooko awiri kapena atatu apakati othawirapo nyanja ikalusa. Musajambule mzere wowongoka kudula pakati pa nyanja ayi. Tsatani gombe, ndipo muyeze mtunda wake motsata gombelo.

Apa tchereni khutu, chifukwa mafuta ndiwo amasiya anthu pamadzi. Tinene kuti mtunda ndi makilomita 24, boti lodzaza matumba likuyenda makilomita 8 pa ola. Amenewo ndi maola atatu. Funsani mwini boti kuti injini yake imamwa malita angati pa ola. Akati 5, popita mufuna malita 15, pobwerera 15, ndipo ena 15 akhale padera osakhudzidwa. Onse pamodzi 45. Apaderawo si owononga ndalama: boti likamalimbana ndi mafunde, liwiro limatsika koma injini ikumwabe, ndipo maola atatu aja amasanduka asanu.

Mphepo nayo. Mwera umachokera kummwera chakummawa, ndipo umavuta kwambiri miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti. Pulogalamu ya Windy imaonetsa mphepo ola ndi ola. Mukaona zilembo za kt, dziwani kuti 1 kt ndi makilomita 1.852 pa ola, ndiye 15 kt yayandikira makilomita 28. Musangoona nambala yoyambayo, onaninso ya mphepo yobwera mwa apo ndi apo, chifukwa ndi imene imagubuduza boti. A nthambi ya zanyengo akachenjeza za mwera pa wailesi, imikani ulendo ngakhale tabuleti ikuonetsa bata.

Mapu amenewa saonetsa kuya kwa madzi, miyala yobisika kapena maukonde. Mchenga wa pamathiriro a Bua umasuntha chaka ndi chaka, nyanjanso imadzaza mvula ikatha n'kuphwa chilimwe. Zimenezo amazidziwa ndi woyendetsa boti, ndiye akati tizungulire uku, musamutsutse ndi tabuleti.

Dzuwa la panyanja limatenthetsa tabuleti mpaka kuzima yokha. Ikhale pamthunzi, m'jumbo yomanga bwino, batire yodzaza, power bank pambali. Musanakwere, valani jekete loyandamitsa, ndipo tumizani uthenga kunyumba wonena dooko limene mwanyamukira, kumene mukupita ndi nthawi yoti akuyembekezereni.